Benchi ya Kumbuyo kwa Basi Yanga

Ine ndinakulira mu utsi. Udalaivala ndinauyambira pa msewu wa Limbe kupita ku Zomba, pa minibasi ya munthu wina, ndipo kumeneko galimoto ikamakwera mtunda ikulavula utsi wakuda bii tinkati ili ndi mphamvu. Galimoto ikangofika kuchokera kudoko, makaniko ankalowa pansi tsiku lomwelo n'kugumula kachigubu kamene kamakhala pakati pa ekizozi, ati kamatsamwitsa injini. Panalibe wofunsa kuti amene anaipanga galimotoyo anakaikiramo chiyani. Kondakitala ankafika kunyumba kolala ili bii, mkazi wake n'kuchapa, kukacha ulendo womwewo. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe mtundu wa munthu amene anadzakangana ndi bwana wake ku Doha chifukwa cha utsi, mpaka anzake kumamuseka kuti dzuwa la kuno lamulowa m'mutu.

Amene anandibweretsa ku Doha ndi amayi anga aang'ono, mng'ono wawo wa mayi anga ondibala, a ku Namwera. Iwo anatsogola kalekale. Pa nthawi imene ndikukambayi ankachapa ndi kusita mu hotela ina ku Pearl, kudzera ku kampani yolemba anthu oyeretsa. Atamva kuti kampaniyo ikufuna madalaivala, anandiimbira foni kuti ndisiye kuthamangitsana ndi apolisi apamsewu, ndibwere ndidzakhale munthu. Amayiwa ndi afupi, ojintcha, ndipo pakamwa pawo pali lumo. Mwana wa m'banja mwathu amene sanakalipiridwepo ndi iwo ndiye kuti sanabadwe. Koma ndi omwewo amene anandigulira bulangete ndi poto nditangofika, n'kundilondolera kogula ufa wosanunkha chuku.

Ntchito yanga inali yonyamula azimayi a shifiti yawo kuchokera kumene ankagona ku Rawdat Al Khail kupita ku hotela, akaweruka n'kukawatenganso. Munali Amalawi angapo, ena a ku Kenya, ku Uganda, ku Nepal. Ine ndinkagona ku Bin Omran, mu vila imene tinagawana zipinda amuna ambirimbiri, nsapato pakhomo ngati pa mzikiti.

Ndisanathe chaka, kampani inagula mabasi atsopano, chifukwa mahotela a ku Pearl anali atatopa ndi zikhakhali zathu zakale. Ogulitsa mabasiwo anatumiza munthu wawo kudzatiphunzitsa. Anatisonkhanitsa pa yadi n'kuyamba kutionetsa kanema wa fakitale kumene amapangira mabasiwo: denga lonse masola okhaokha, penti wosungunula ndi madzi kuti asanunkhitse anthu, madzi akuda akuwayeretsa n'kuwabwezanso pa ntchito. Ife tinkangoyasamula. Fakitale ya kutsidya kwa nyanja inatikhudza chiyani ife, anthu oima pa dzuwa lowotcha paliwombo?

Koma atagwada kumbuyo kwa basi ndinasendera pafupi, pakuti za pansi pa galimoto ndimazikonda. Anationetsa chigubu chachitsulo pa ekizozi, n'kunena kuti m'kati mwake muli sefa ya timabowo ngati zisa za njuchi, yogwira mwaye wonse wa dizilo. Anationetsanso kathanki ka chivindikiro cha buluu, kothiramo mankhwala amadzi amene basi imapopera mu ekizozi kuti aphe mpweya wina woipa umene suoneka ndi maso koma umapsereza chifuwa. Kenako anachenjeza kuti sefayo imadzaza. Imadziyeretsa yokha powotcha mwaye uja, koma pokhapokha basi itathamanga mtunda wautali pa msewu wotseguka, injini itatentha bwino. Mukamangoiliza itaima, kapena kumangoyenda tiulendo tatifupi, idzatsamwa. Atatero anatenga kansalu koyera, kuika pakamwa pa ekizozi, n'kuuza mnzathu wina kuti aponde moto. Kansalu kanabwerako koyera mbee. Ndinakatenga n'kukanunkhiza, anzanga n'kumaseka.

Tsono ku hotela antchito salowera kumaso. Basi imatsikira pansi, ku besimenti, kumene amatsitsirako katundu wa kukhitchini ndi kutulutsira zinyalala. Malo anga oimikapo anali opanikiza. Ndinkalowa chobwerera m'mbuyo mpaka basi itatsala pang'ono kugunda khoma, ndipo pakhoma pomwepo ndi pamene panali benchi yodikirirapo azimayi. Ekizozi inkaloza m'mawondo mwawo. Ndiye ku Doha kuno dalaivala sazimitsa injini podikira. Ukazimitsa ndiye kuti wazimitsanso eyakoni, ndipo m'chilimwe basi imasanduka ng'anjo pa kanthawi kochepa. Inenso ndinkangotsatira za anzanga. Ndinkafika msanga, injini ikulira, azimayi akutsika mmodzimmodzi pa lifiti n'kukhala pa benchi kuvula nsapato za ntchito ndi kudikirana, pakuti lamulo la kampani linali loti chitseko cha basi chitseguke onse akakwana.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kolona atafika, mzinda unangoti zii. Masiki pakamwa, foni m'manja kuonetsa alonda kuti uli bwino, ndipo mabasi a antchito anawalamula kunyamula theka la anthu. Ulendo umodzi unasanduka iwiri. Hotela yathu sinatseke, koma alendo anachepa, ndipo kampani inayamba kuchepetsa antchito. Sabata iliyonse kunkamveka kuti wakuti amupatsa tikiti yobwerera kwawo, wakuti akulongedza.

M'kati mwa zimenezo amayi aang'ono anagwidwa ndi matendawo. Ambulansi inawatenga ine ndili pa msewu, ndipo kwa masabata angapo sindinawaone. Ndikaimba foni ankangoyankha mawu awiri atatu n'kudula. Ndinaopa kwambiri, sindibisa. Ndinkaganiza za mayi anga ku Namwera, kuti ndidzawauza chiyani ngati mng'ono wawo ataikidwa mu mchenga wa eni. Mulungu anatichitira chifundo, anatuluka. Koma tsiku limene anabwerera pa ntchito ndinawaona pagalasi akukwera masitepe a basi, ndipo ndinadziwa kuti munthu wabwerayu si yense. Anakhala pa mpando wa kumbuyo kwanga ali wefuwefu, mpweya ukulira m'chifuwa ngati ketulo ikayamba kuwira.

Titafika ku hotela anadikira anzawo atsike kaye, n'kundigwira phewa.

"Zimene wamvazi wazimva wekha," anatero. "Ukangouza munthu, andipatsa tikiti. Nyumba yanga ku Namwera sinafoleredwe, ndipo sindibwerera kwathu kukakhala pakhonde la munthu. Wamva?"

Ndinati ndamva.

Sipanapite nthawi, kanyali kachikasu kanayaka pa dashibodi. Tiulendo tatifupi tija, ndi kulira kwa injini ku besimenti kawiri pa shifiti, zinali zitadzaza sefa monga munthu wa ogulitsa uja ananenera. Si ine ndekha. Mabasi onse atsopano anayamba kuyatsa kanyali komweko, ndipo amene ankakanyalanyaza, basi inkadzidula mphamvu yokha n'kuyamba kukwawa pakati pa msewu, magalimoto akumbuyo akuimba mahutala. Mudiri wathu, ndiye kuti bwana woyang'anira mabasi, anazunguzika mutu. Kukonzetsa kwa ogulitsa kunali kodula, komanso basi inkagonako masiku, pamene akuluakulu ake ankamulalatira kuti antchito akuchedwa.

Yankho analipeza ku Sanaiya, dera la magalaja kunja kwa mzinda. Kumeneko kunali galaja ina imene inkatsegula chigubu chija, kuchotsa sefa yonse, kuwotchereranso bwinobwino, n'kunamiza kompyuta ya basi kuti zonse zili m'malo. "Mafi mushikila," anatero mudiri, kutanthauza kuti palibe vuto. Amene ankagwira ntchitoyo anali mnzanga, makaniko wa ku Ndirande, munthu wa nthabwala amene tinkadyera limodzi pa Idi. Anandiimbira akuseka kuti ntchito ya kumudzi yamupeza ku Arabu, ndibweretse yangayo andichitire mwachibale. Anati basi ikachoka m'manja mwake imauluka, ndipo sankanama.

Mabasi anayamba kupita ku Sanaiya imodziimodzi. Yanga isanafike pa mzere, tsiku lina mudiri anandituma kukagwirizira dalaivala wina amene anadwala, pa basi yake yochotsedwa kale sefa, ku nsanja ina ya ku Pearl komweko. Besimenti yake inali ngati yathu, benchi pakhoma. Nditatsika kukatsegula chitseko ndinaona khoma la kuseri kwa benchi lili ndi chibanga chakuda, ndipo mamasiki a azimayi anali oderako pamphuno. Kukhosi kwanga kunkawawa ngati ndameza tsabola. Utsi womwe uja ndinakuliramo, koma ku Limbe unkapita kumwamba mphepo n'kuutenga. Kuno unalibe kolowera, unkangozungulira pansi pa denga n'kutsikira pa anthu. Ndinaimirira pamenepo n'kuona m'maganizo amayi aang'ono atakhala pa benchi yoteroyo ndi chifuwa chawo chija, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti basi yanga sipita ku Sanaiya.

Mudiri atandiuza kuti tsiku langa lafika, ndinakana. Anayesa kuti sindinamve Chingerezi chake, n'kubwereza pang'onopang'ono ndi manja omwe. Ndinakananso. Anafunsa chifukwa. Apa ndiye panali povuta, chifukwa chifukwa chenichenicho ndinali nditachitsekera m'kamwa. Ndikanangoti pa benchi paja pamakhala munthu wodwala chifuwa, akanafunsa kuti ndani, ndipo mawa lake amayi aang'ono akanakhala pa ndege. Ndinangoti amene anapanga basiyi sanali openga poikamo sefa. Mudiri sanali mbuli, ntchito ya sefa ankaidziwa kuposa ine. Anangondiyang'ana ngati munthu wotopa n'kunena kuti basi yanga ikangokwawa pa msewu kamodzi kokha, halasi, zathera pomwepo, ndipo makiyi adzanditengera yekha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinayenera kuonetsetsa kuti basiyo isakwawe. Chinthu choyamba, ndinasiya kuliza injini podikira. Ndikangoima ku besimenti ndinkazimitsa, n'kudzailiza onse atakwera. Ha, nkhondo imene ndinaiputa pamenepo simungaimvetse ngati simunalowepo m'basi yotseka magalasi mu Ogasiti wa ku Doha. Azimayi ankalowa atatopa, thukuta kale kamukamu, n'kupeza mipando ikuwotcha. Ndinatukwanidwa mu Chiswahili, mu Chiluganda, mu Chinepali, m'zilankhulo zimene sindidzazidziwa mpaka kufa. Koma wotsogolera kwaya yonseyo anali amayi aang'ono. Ankati ndawachititsa manyazi pamaso pa anzawo, mwana wa mkulu wawo weniweni kuwaphika ngati mbatata. Ankafunsa ngati dizilo wa kampani ndi wa bambo anga kuti ndizimuumira chonchi. Tsiku lina anauza basi yonse kuti ndinayamba kuuma mtima ndili wakhanda, ndinkakana kugawira anzanga chimanga chokazinga.

Ndinkangoluma mano, maso pa msewu. Zinkandipweteka, eya, zinkandipweteka kwambiri, makamaka pomva kuti pakati pa kukalipa kumeneko akuima kaye kufuna mpweya. Kuwauza sindikanatha. Amayi amenewa akanadziwa kuti ndikukangana ndi bwana chifukwa cha iwo, akanayenda okha wapansi mpaka ku Sanaiya kukachotsa sefayo ndi manja awo.

Chinthu chachiwiri chinali cha Lachisanu, tsiku langa lopuma. Anzanga akamagona kapena kuchapa, ine ndinkatenga basi yopanda munthu n'kulowa msewu waukulu wopita kumpoto, cha ku Al Khor. Msewu umenewo ndi wowongoka ngati chingwe, mbali zonse mchenga ndi mapolo a magetsi. Ndinkaiponda pa liwiro limodzi, injini ikulira mofanana, mpaka ndimve kafungo ka chitsulo chotentha, ndiye kuti mwaye ukupsa m'katimo. Pakapita nthawi kanyali kachikasu kaja kankazima. Sindingakuuzeni mmene mtima wanga unkakhalira pansi kakazima. Ndinkatembenuka pa mlatho n'kubwerera ndikuimba ndekha nyimbo za ku madrasa zimene ndinkayesa kuti ndinaziiwala.

Mabasi athu anali ndi kachipangizo koonetsa ku ofesi kumene ali. Mudiri sanachedwe kuona. Anandiitana n'kufunsa ngati ndatsegula bizinesi yanga yonyamula ngamila Lachisanu. Ndinamuuza chilungamo chake, kuti ndimakawotcha sefa. Anamenya tebulo, anati dizilo ndi matayala si za agogo anga, ndipo nkhaniyi ikafika kwa akuluakulu adzakanika kunditchinjiriza. Anati ndisankhe, ku Sanaiya kapena ku eyapoti. Ndinatuluka mu ofesimo, koma Lachisanu lotsatira ndinapitanso.

M'masiku omwewo ndi mmene lamulo la ntchito linasinthira. Nkhani inafika pa gulu lathu la Amalawi la pafoni, poyamba ngati mphekesera, kenako n'kutsimikizika. Kale munthu sunkatha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana wako yokumasula, ndipo bwana akakana ndiye kuti wakana, udzapsa pomwepo kapena kubwerera kwanu. Tsopano ankati umangopereka notisi, nthawi yake ikakwana n'kunyamuka. Ambiri sitinakhulupirire, ndipo ena amene anayesa anaopsezedwa mpaka kubweza. Koma ena anadutsadi. Madalaivala a laisensi ya magalimoto akuluakulu tinkafunika paliponse. Kampani ina yaikulu ya mabasi inandiitana, kundiyesa pa msewu, n'kundiuza kuti malo alipo: malipiro abwinopo, chipinda cha anthu ochepa, tikiti ya kwathu chaka chilichonse. Anati mabasi awo ena ali m'njira, malo anga andisungira mpaka afike, koma osapitirira pamenepo. Nditauza mayi a kunyumba, mkazi wanga, pa foni, analulutira mpaka ana kudabwa.

Ndinapita kwa mudiri chifuwa chili patsogolo. Ndinamuuza kuti tsiku limene basi yanga idzalowe ku Sanaiya ndi tsiku lomwelo notisi yanga idzafike pa tebulo lake. Madalaivala ake anali atayamba kale kuthawa, ndiye ndinkayesa kuti ndamugwira pakhosi. Bamboyo anangomwa tiyi wake pang'onopang'ono. Anati ali wokondwa kuti ndapeza pabwino, ndipite ndi mtendere, Mulungu anditsogolere. Sanali mwana. Ankadziwa kuti ndikangotuluka pa geti, basiyo idzapita ku galaja tsiku lomwelo ndi dalaivala wina. Chimene sankamvetsa n'chakuti bwanji munthu wopatsidwa ntchito yabwino sakunyamuka. Tinakhala choncho, iye osandichotsa chifukwa analibe wondilowa m'malo, ine osachoka chifukwa cha benchi ija. Mayi a kunyumba ankafunsa Lachisanu lililonse kuti ndayamba liti, ine n'kumati mapepala akuchedwa.

Amene anaulula anali mnzanga wa ku Ndirande uja, mosadziwa. Iye za chifuwa sankazidziwa. Anangowaimbira amayi aang'ono monga munthu wamkulu wa pabanja, kuti alankhule ndi mwana wawo, akutaya ntchito ya mwayi chifukwa cha chigubu cha mu ekizozi. Anawafotokozera zonse, za sefa, za mudiri, za kuzimitsa injini, za ulendo wa Lachisanu, akuseka monga mwa chikhalidwe chake. Izi ndinadzazimva pambuyo pake. Chimene ndinaona pa nthawiyo n'chakuti kukalipa kunatha. Amayi aang'ono ankatsika pa lifiti, kukhala pa benchi, kuyang'ana ekizozi ili zii patsogolo pawo, n'kukwera basi yotenthayo osanena kanthu. Mtsikana wina wa ku Uganda atayamba kudandaula anangomuyang'ana kamodzi, mtsikanayo n'kumeza mawu ake. Ine chete ameneyo anandiopsa kuposa matukwano. Ndinkayesa kuti chifuwa chafika poti sangathenso kulankhula, ndipo ndikawafunsa ankangoti ali bwino.

Panapita mwezi ndi kanthu. Tsiku lina masana, nditatsitsa azimayi a shifiti ya m'mawa ku Rawdat Al Khail, amayi aang'ono anandiuza kuti ndisachoke. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwama chawo chachikulu, chomangidwa ndi chitenje pakati chifukwa zipi inaduka kalekale. Anzawo awiri anawaperekeza mpaka pa chitseko cha basi, maso ali ofiira.

"Mukupita kuti ndi chikwama, amayi?"

"Yendetsa. Cha kwanu ku Bin Omran konko. Ndikuuza panjira."

Anandiuza ali kumbuyo kwanga, ine ndikuwaonera pagalasi. Anali atapereka notisi mwakachetechete sabata yomwe ija makaniko anawaimbira, ndipo tsikulo linali lomaliza. Lamulo latsopano lija analigwiritsa ntchito iwo ine ndisanaligwiritse. Anapeza malo pa nyumba ya banja lina, kusamalira gogo wachiarabu amene sankathanso kuyenda. Anati ndi ntchito yokhala pansi, kulibe nthunzi ya makina ochapira, kulibe besimenti.

Ndinaimika basi pambali pa msewu. Amayi amenewa zaka zawo zoyamba ku Arabu anazithera m'nyumba ya munthu. Foni ankawalanda, tsiku lopuma kunalibe, kunja ankakuonera pa mpata wa geti potaya zinyalala. Atatulukamo analumbira pamaso pa abale onse kuti ngakhale atawakoka ndi chingwe sadzalowanso m'nyumba ya munthu. Ntchito ya ku hotela, ndi kutopetsa kwake konse, inali ufulu wawo: kuweruka, kuvula yunifolomu, kupita kumsika ndi anzawo, kukalipira amene afuna. Ndiye lero akubwerera kuseri kwa geti chifukwa cha ine? Ndinakweza mawu, koyamba m'moyo wanga kuwakwezera mawu. Ndinati anayenera kundifunsa. Ndinati zonse ndinali nditazikonza, basi sinakwawepo n'kamodzi komwe, ndikanapirira mpaka kontilakiti yawo ithe.

Anandisiya ndilankhule mpaka mawu atandithera.

"Watha?" anafunsa. "Chifuwa n'changa, ana ndi ako. Sindinakuitanire kuno kuti udzakhale mlonda wa ekizozi. Unkafuna ndidzamve kuti adzukulu anga abwezedwa kusukulu chifukwa agogo awo amatsokomola? Mawa uwaimbire anthu a kampani yaikulu aja, uwauze kuti ukubwera."

Kunja magalimoto ankadutsa, wina n'kundiimbira hutala chifukwa ndinaima pakona. Ndinaganiza za ntchito ija, ndinaiganizira ndithu, chipinda cha anthu ochepa ndi tikiti ya chaka chilichonse. Kenako ndinaganiza za mawa lake masana, lifiti ikutseguka, azimayi aja akutsika mmodzimmodzi kudzavula nsapato. Panali mayi wina wa ku Nepal wa imvi amene ankakhala chakumapeto, panali mtsikana wa ku Uganda uja, panali wina wa ku Machinga amene anali atangofika kumene. Ndani wa iwo amene sanadwale kolona? Ndani amene sakanabisa chifuwa chake monga mmene amayi aang'ono anabisira? Sindinkadziwa, ndipo sindikanadziwa.

"Benchi ija sinanyamuke nanu, amayi," ndinatero. "Pakadali anthu."

Anandiyang'ana pagalasipo. Ndinkadikira lumo lija. Koma anangopukusa mutu n'kunena kuti kuuma mutu kumeneku ndinayamwira kwa mayi anga, nawonso anali choncho kuyambira ali mtsikana.

"Ngati ukhala, ukhale chifukwa wafuna wekha," anatero. "Ine usandisenzetse. Ndipo mkazi wako umuuze zoona, asamamve za mapepala. Tiye, anthu akundidikira."

Nyumbayo inali m'kamsewu kopanikiza, mpanda wautali wa khoma loyera, geti yachitsulo. Basi sikanatha kulowa mpaka pa geti, ndinaima pa mphambano. Ndinafuna kuwanyamulira chikwama koma anakana, anati eni nyumba asaone mwamuna tsiku loyamba lomwe. Ndinawathandiza kusenza, anakonza mpango wawo, n'kuyamba kuyenda. Sanatsanzike, amayi amenewa satsanzika.

Ndinazimitsa injini n'kuima pa chitseko cha basi. Kuchokera pamenepo kufika pa geti ndi pafupi, mwana akhoza kuponya mwala n'kufikitsa. Atafika pakati anaima. Anagwira khoma ndi dzanja limodzi, chikwama chili pamutu, ndipo m'kamsewu kachete kameneko ndinamva mpweya wawo ukulira kuchokera pamene ndinaima. Sanacheuke, ankadziwa kuti ndikuwaona. Anapuma, anapumanso, kenako anachotsa dzanja pakhoma, kuwongola msana, n'kumaliza mtunda wotsalawo ngati munthu amene sanadwalepo. Anaimba belu. Geti inatseguka pang'ono, analowa, inatsekeka.

Ndinalira, sindichita manyazi kunena. Ndinakhala pa mpando wanga n'kulira mpaka masiki inanyowa.

Nditaliza injini, kanyali kachikasu kanali katayaka pa dashibodi. Silinali Lachisanu, ndipo shifiti ya madzulo inali ikadali patali. Ndinatuluka mu Bin Omran n'kukhotera kumpoto. Foni yochokera kwa mudiri inayamba kulira ndisanafike n'komwe pa msewu waukulu, ndipo ndinaisiya ilire.